Mwaika Windows 11, intaneti yasowa: musathamangire kufomata

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za Windows 10, ndipo anthu ambiri amene ankazengereza ayamba kusamukira ku Windows 11. Ochuluka asamuka bwinobwino. Koma ena, kompyuta itazima ndi kuyaka kangapo n'kumaliza, amapeza kachizindikiro ka Wi-Fi kasowa, pamalo pake pali kadziko kozungulira kosonyeza kuti intaneti palibe. Ukapita nayo kwa okonza ena, mawu oyamba ndi akuti tiifomate. Amenewo ndi mankhwala omaliza, ndipo kawirikawiri sachiza n'komwe vutoli.

Musanakhudze chilichonse, lembani tsiku limene munaika Windows yatsopanoyo. Muli ndi masiku 10 okha oti mungathe kubwerera ku yakale mosavuta. Pa masiku amenewa musafufute foda yotchedwa Windows.old ngakhale ikudya malo ambiri, chifukwa njira yobwerera ili m'menemo.

Kenako tengani foni, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo. Ngati nayonso sikutsegula kanthu, kompyuta ilibe mlandu. Kuika Windows 11 kumadya magigabayiti angapo, ndipo amene amadalira bandulo ya pa MiFi kapena hotspot angapeze kuti yatha basi. Onani balansi. Ngati bandulo ilipo, zimitsani rauta kwa theka la mphindi, muiyatsenso.

Foni ikatsegula koma kompyuta ayi, sankhani Restart, osati Shut down. Windows ili ndi njira yotchedwa Fast Startup, imene imasunga mbali ina ya zomwe zinali m'kati mukadina Shut down, kuti idzayake msanga. Vuto nalonso limasungidwa momwemo. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano. Ikayaka, onani ngati kachizindikiro ka ndege, Airplane mode, sikali koyatsa. Malaputopu ena ali ndi batani lake pa kiyibodi, ena akale ali ndi kaswichi m'mbali, ndipo sizivuta kukagunda osadziwa.

Zimenezi zikakanika, yang'anitsitsani kuti matendawo ndi otani, chifukwa "intaneti sikugwira" ndi mawu amene amabisa mavuto atatu osiyana. Mwina batani la Wi-Fi lasoweratu. Mwina mayina a manetiweki akuoneka koma kompyuta ikukana kulowa. Mwinanso yalowa, koma pansi pake palembedwa No internet.

Lachiwirilo silichedwa. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, Manage known networks, musankhe dzina la netiweki yanu n'kudina Forget. Lowaninso ngati koyamba, mulembe pasiwedi mosamala.

Loyamba lija ndiye lofala munthu akasintha Windows, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi driver. M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kakang'ono kogwira Wi-Fi, kopangidwa ndi makampani ngati Intel, Realtek, Qualcomm kapena MediaTek. Driver ndi pulogalamu yomwe ili ngati womasulira pakati pa kachipangizoko ndi Windows. Windows yatsopano ikabwera, nthawi zina womasulira wakale amachotsedwa, kapena amaikidwa wina wosamva bwino chinenerocho. Kachipangizo kali bwinobwino, kungoti palibe woyankhula nako.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, musankhe Device Manager, mutsegule Network adapters. Fufuzani dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena 802.11. Ngati pali kamuvi kolozera pansi, kachipangizoko kangozimitsidwa: dinani batani lakumanja la mawusi, musankhe Enable device. Ngati pali kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, tsegulani Properties muwerenge. Code 28 ikutanthauza kuti driver palibe, Code 10 kuti kachipangizoko kalephera kuyamba. Dzinalo likasoweratu, yang'anani pansi pa Other devices, kumene kamabisala ndi dzina lakuti Network Controller.

Yesani kaye Roll Back Driver pa tsamba la Driver. Musadabwe mukapeza batanilo ndi lotuwa, losadinika, zimachitika kawirikawiri. Zikatero sankhani Uninstall device, koma musachonge kabokosi kofufutiratu driver, kenako Restart. Windows ikamayaka imakapezanso kachipangizoko n'kukaika mwatsopano, ndipo ambiri vuto lawo limathera pomwepa.

Ena amafunika driver yatsopano. Apa pali chinthu choseketsa: driver ili pa intaneti, intanetiyo ndi imene mulibe. Njira yachidule ndi foni ya Android ndi chingwe chake cha USB. Lumikizani foni ku kompyuta, mulowe mu Settings za foniyo, pa Hotspot & tethering muyatse USB tethering. Windows imabwera kale ndi zoizindikiritsa foni yotero, choncho intaneti imalowa popanda Wi-Fi. Chingwe chikhale chonyamula data, chifukwa zina zotchipa zimangotchaja. Amene ali ndi iPhone amafunika pulogalamu ya Apple ikhale pakompyuta kale, ndiye bwerekani Android kwa mnzanu. Chingwe cha Ethernet chochokera ku rauta chimagwiranso ntchito. Zonse zikavuta, kadawunilodeni driver pa kompyuta ina mubwere nayo pa fulashi.

Intaneti ikalowa, yambani ndi Windows Update, muonenso pa Advanced options, Optional updates, kumene ma driver ena amakhala akudikira. Driver ikapanda kupezeka, pitani pa webusaiti ya amene anapanga kompyutayo. Pansi pa laputopu pali kapepala: Dell amalemba Service Tag, HP ndi Lenovo amalemba serial number. Nambala imeneyo ndiyo imakufikitsani pa tsamba loyenera. Komabe malaputopu awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi tizipangizo ta Wi-Fi tosiyana, makamaka ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito amene ena anawasinthapo m'kati. Kuti mudziwe kanu, tsegulani Properties, Details, musankhe Hardware Ids. Mukaona VEN_8086 ndi Intel, VEN_10EC ndi Realtek, VEN_14C3 ndi MediaTek, VEN_168C ndi Qualcomm Atheros, VEN_14E4 ndi Broadcom. Ngati palibe driver ya Windows 11, ya Windows 10 ya 64-bit kawirikawiri imagwira. Mapulogalamu amene amalonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi, ine sindiwakhulupirira. Ambiri amabwera ndi zinyalala zina, ndipo mumangowonjezera vuto pa vuto.

Ngati Device Manager ikuonetsa kuti zonse zili bwino koma Wi-Fi sikuonekabe, dinani Windows ndi R, mulembe services.msc, mufufuze WLAN AutoConfig. Ikhale pa Automatic ndipo ikhale ikuyenda.

Tsopano kwa amene alumikizidwa koma palibe chikutseguka. Pa Start lembani cmd, musankhe Run as administrator. Pa sikirini yakudayo lembani ipconfig. Mukaona IPv4 Address yoyamba ndi 169.254, kompyuta sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, yangodzipatsa yokha yosafika nayo kulikonse. Lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Ngati adiresi ili yabwino, monga yoyamba ndi 192.168, lembani ping 8.8.8.8, yomwe ndi seva ya Google. Ikayankha, ndiye kuti msewu ndi wotseguka, chavuta ndi DNS, imene imasandutsa mayina a mawebusaiti kukhala manambala. Lembani ipconfig /flushdns, ndipo zikapitirira ikani 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pa DNS server assignment mu Settings.

Seva ya Google ija ikapanda kuyankha, kayikirani VPN kapena antivirus yakale. Mapulogalamu amenewa amadzilowetsa pakati penipeni pa kompyuta ndi netiweki, ndipo amene analembedwera Windows yakale amatha kutseka njira yonse. Kuwazimitsa sikukwanira, achotseni, muchite Restart, mudzawaikenso atsopano pambuyo pake. Onaninso kuti pa Proxy palibe chimene chayatsidwa chomwe inu simukuchidziwa. Ndipo yang'anani wotchi ya pakona: deti likalakwika, mawebusaiti otetezedwa amakana kutseguka, munthu n'kumaganiza kuti intaneti yafa.

Pali malamulo ena awiri oti mulembe pa sikirini yakuda ija: netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, ndiyeno Restart. Akakanika, ku Settings, Network & internet, Advanced network settings kuli Network reset. Imachotsa tizipangizo tonse ta netiweki n'kutiikanso, ndipo kompyuta imazima ndi kuyakanso yokha pakatha mphindi 5. Dziwani kuti imaiwala mapasiwedi onse a Wi-Fi, choncho alembeni kaye. Ngati kompyutayo ndi ya ku ofesi, funsani a IT musanadine. Mwina anaikamo adiresi yokhazikika kapena VPN ya ntchito, ndipo zimenezo zikafufutika mudzapeza printa nayo yasiya kumva.

Zonsezi zikalephera, onani deti munalemba lija. Sungani mafayilo anu ofunika pa fulashi, mulumikize chaja, mupite ku Settings, System, Recovery, mudine Go back. Ngati mukufuna nthawi yoti muyesebe zina, masikuwo asanathe lembani pa cmd kuti DISM /Online /Set-OSUninstallWindow /Value:60 ndipo adzakhala 60.

Wi-Fi ikabwerera pa Windows 10, mwatsimikiza kuti kachipangizo sikanafe. Musanayesenso kusamuka, pangani foda yotchedwa madriver pa fulashi, ndipo ngati fulashiyo ili pa D, lembani pa cmd kuti pnputil /export-driver * D:\madriver kuti ma driver onse akopedwe. Kumbukiraninso kuti Windows 11 imafuna TPM 2.0, ndipo kwa Intel, kupatula mapurosesa ochepa, imayambira pa m'badwo wa 8. Makompyuta akale amene aikidwa Windows 11 mokakamiza amatha kukhala ndi kachipangizo komwe opanga ake anasiya kalekale kukalembera driver. Kwa amenewo, gulani ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, koma muwerenge pa bokosi kuti kamagwira pa Windows 11 musanapereke ndalama.