Mtsogoleri Wobisa Chibadwa Chake Pantchito: Mafunso ndi Mayankho

Kodi tikunena za anthu otani?

Tikunena za anthu amene ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi wa ambiri chibadwire: a autism, a ADHD, ndi a dyslexia amene zilembo zimawasokoneza ngakhale ali anzeru. Si misala, si kulodzedwa, si kuleredwa molakwika. Bungwe la WHO linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Anawo amakula, ndipo palibe chowaletsa kudzayang'anira malo ogona alendo ku Chintheche kapena ku Kande, kukhala kapitawo pamunda wa mphira wa Vizara, kapena wapampando wa komiti ya pagombe. Ambiri sanapimidwepo, poti thandizo lotere munthu amakalipeza ku St John of God ku Mzuzu. Amangodziwika kuti "bwana wovuta uja".

Akubisanji chachilendo, poti tonsefe timadziletsa pantchito?

N'zoona, koma mtengo wake si umodzi. Mabuku a ku Ulaya amadandaula za kuyang'ana munthu m'maso. Kuno kugwetsa maso pamaso pa wamkulu ndi ulemu, choncho katundu wathu ali pena. Ali pa moni wa "Mwe uli?" amene ayenera kufika kwa ana ndi kumunda musanatchule ntchito, pa kudzudzula mozungulira, pa kumwetulira alendo kuyambira m'mawa mpaka jenereta itazima. Ambiri izi zimangowachitikira. Munthu wa autism amaziloweza pamtima, amayeseza mayankho asanatuluke m'nyumba, ndipo pamsonkhano theka la nzeru zake limakhala likulondera nkhope ndi manja ake. Kafukufuku wa Laura Hull ndi anzake mu 2017 anapeza kuti kudzibisa kotere kumatopetsa kwambiri, ndipo wa Sarah Cassidy mu 2018 anakugwirizanitsa ndi maganizo ofuna kudzipha. Mphamvu imene mtsogoleri waithera pa kuoneka ngati ena ndi imene ikanapita ku mabuku a ndalama ndi ku madandaulo a antchito.

Nanga nthabwala sizichepetsa vutoli?

Zimatengera akusekedwa ndani. Pali nthabwala yobisalamo: munthu amafulumira kudzinyoza kuti "mutu wangawu mukuudziwa kale" anzake asanamunyoze. Onse amaseka, iye n'kupita kunyumba atafooka, ndipo mawa ayenera kuseketsanso. Ina ndi ya chisuweni, imene aliyense ali ndi ufulu wobwezera. Manijala akanena moseka kuti mawu a pakamwa amamuthawa, choncho amulembere papepala, wapempha thandizo popanda manyazi, ndipo wophika nayenso wapeza mpata wonena chimene chimamuvuta. Damian Milton analemba mu 2012 kuti kusamvana pakati pa a autism ndi anthu ena kumachokera mbali zonse ziwiri. Ngati ndi choncho, nthabwala imene mmodzi yekha ndiye amasekedwa tsiku ndi tsiku ndi chipongwe chabe.

Kodi uku si kulekerera mwano ndi kusacheza?

Ayi. Wotukwana wantchito ayankhe mlandu, kaya ubongo wake ndi wotani. Koma kunena mosapita m'mbali si kutukwana, ndipo kunyanja kuno zimenezi timazidziwa kale. Pa usodzi wa chilimira, amene amatsogolera ndi siginala. Amakhala m'bwato ndi nyali usiku, maso ali pamadzi, kudikira usipa usonkhane, kenaka n'kulamula mwachidule kuti khoka liponyedwe. Mwini khoka safunsa ngati siginalayo amadziwa kucheza; amaona nsomba zimene zafika pagombe. Muyeso womwewo ufike mu ofesi. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa tsankho pantchito, koma zofunika zenizeni sizidula: kulengeza msanga mutu wa msonkhano, kulemba malangizo, kulola munthu kupuma payekha masana osamunena kuti ndi wonyada. Inu olemba ntchito, musadikire chikalata cha dokotala. Mufunseni munthuyo chimene chingamuthandize, ndipo zimene wakuuzani musakazisandutse nthabwala kukhitchini.