Tiyenge tokha mafuta a chitowe

Ambiri a ife tikakolola chitowe, chija pa Chipwitikizi amati gergelim, timagulitsa chonse kwa anthu a sikelo. Kenako ndalama yomweyo timakagulira mafuta a m'botolo kumsika wa pamalire. Chonsecho pafupifupi theka la kanjere ka chitowe ndi mafuta. Chaka chino musagulitse chonse, sungani ndowa imodzi.

Choyamba petani chitowe kuti muchotse mchenga ndi zinyalala. Chitsukeni ndi kuchiyanika pamphasa mpaka chiume gwa. Chimene chachita nkhungu tayani, musadyetse ngakhale nkhuku. Kazingani pamoto wochepa mukutakasa, ndipo muphule chikangoyamba kununkhira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: chikapserera, mafuta amawawa.

Sinjani mumtondo chikadali chofunda mpaka chikhale ngati chiponde. Thirani mumphika wa madzi otentha, muwiritse pang'onopang'ono mukutakasa. Mudzaona mafuta akuyandama pamwamba. Yengulani ndi chipande, muike mupoto wina. Poto ameneyu mubwezere pamoto wochepa mpaka mafuta asiye kuthetheka, ndicho chizindikiro choti madzi atha. Musachite ulesi pamenepa, chifukwa madzi akatsalira mafuta sachedwa kuwonongeka. Akazizira sefani ndi kansalu koyera.

Botolo likhale lotsuka, louma ndi lotseka bwino, ndipo lisakhale padzuwa. Chonde, botolo limene munali mankhwala opopera thonje, fodya kapena tomato musaikemo mafuta ngakhale mwalitsuka ndi sopo kangati. Poizoni amatsalira.

Tikulimbikira nkhaniyi chifukwa cha ana. Mwana akakwanitsa miyezi 6 amayamba phala uku akuyamwabe. Kamimba kake ndi kakang'ono, ndipo phala la madzimadzi limam'khutitsa msanga osam'patsa mphamvu zokwanira. N'chifukwa chake kusikelo amakuuzani kuti mwana sakukwera. Thirani kasupuni kamodzi ka mafutawa m'phala lake. Mafuta amathandizanso thupi kulandira vitamini A wa m'nkhwani, bonongwe ndi maungu, amene amateteza maso. Koma mwana akatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika atadya chitowe, thamangirani naye kuchipatala ndipo musam'patsenso.

Zotsalira mumphika zija musataye. Tsirani mundiwo zamasamba tsiku lomwelo monga muchitira ndi nsinjiro.