Maluwa a pakhomo panu kwawo n'kuti?

Makalata alipo mulu patebulo pano, tiyambe pompano.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Alemba kuti: "Ndili ndi chitsamba cha poinsettia kuseri kwa khitchini. Mng'ono wanga amene ali ku London akuti kumeneko chimafiira pa Khirisimasi, koma changa chimafiira mu Juni. Kodi chikudwala?"

Mayi, mtima m'malo, chitsamba chanu chilibe matenda. Kwawo kwa poinsettia ndi ku Mexico, ndipo dzinali linachokera kwa Joel Poinsett, kazembe woyamba wa dziko la America kumeneko, amene anachitumiza kwawo m'zaka za m'ma 1820. Chimene chimachifiiritsa ndi kutalika kwa usiku. Mdima ukamakhalitsa kwa masabata angapo motsatizana, masamba a kunsonga amasintha mtundu. Ku Mexico ndi ku London usiku umatalika cha mu Disembala, pamene kuno kwathu umatalika mu Meyi, Juni ndi Julayi. N'chifukwa chake ngati pafupi pali babu loyaka usiku wonse, kufiirako kumachedwa, mwinanso osachitika n'komwe.

Mawa m'mawa mukachiyang'anitsitse. Zofiirazo ndi masamba ndithu, maluwa enieni ndi tinthu tachikasu tating'ono tili pakatipo. Mukathyola kanthambi mudzaona utomoni woyera ngati mkaka, umene ukuuzani kuti ameneyu ndi m'bale wake wa nkhadze, mu banja limodzi ndi chinangwa ndi nsatsi. Ukali wake sufika pa wa nkhadze, komabe ana asauseweretse pafupi ndi maso.

Bambo wina wa ku Salima akudandaula kuti: "Bougainvillea wanga ndimamuthirira m'mawa ndi madzulo, manyowa a nkhuku ndimathira, koma angoti biriwiri, duwa ngakhale limodzi ayi."

Bambo, mwamulera ngati mwana womaliza. Chomerachi chinachokera ku South America, ndipo katswiri wa zomera wa ku France, Philibert Commerson, anachipeza ku Rio de Janeiro m'zaka za m'ma 1760 ali pa ulendo wa panyanja wotsogoleredwa ndi Louis Antoine de Bougainville, mwini dzinali. Chimafuna dzuwa la tsiku lonse ndi nthaka yosasunga madzi, ndipo chimachita maluwa kwambiri chikamva ludzu. Lekani manyowawo, thirirani pokhapokha nthaka ikauma, ndipo ngati pali mthunzi wa mango, dulirani nthambi. Dzuwa la ku Salima lichita zotsalazo.

Kalata yachitatu yandikondweretsa kwambiri. Yalembedwa ndi mtsikana wa Fomu 2 ku Mulanje: "Pakhonde pathu pali fern mu mphika. Kunsi kwa masamba kwatuluka timadontho tofiirira. Agogo akuti ndi tizilombo, tipopere mankhwala. Nanga n'chifukwa chiyani sichichita maluwa?"

Mwanawe, upite ukawauze agogo mwaulemu kuti ayambe adikira. Tembenuza tsamba uone. Ngati timadonthoto tandandana bwinobwino m'mizere, uku ndi uku mofanana, si tizilombo ayi. Tizilombo timamwazikana paliponse, mpaka pa phesi, ndipo tsamba limanyata. Tandandanato ndi timatumba ta ufa umene fern imaberekera. Zomera za mtundu umenewu zinalipo kale zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, maluwa asanaoneke padziko, ndipo mpaka lero zilibe duwa, zilibe chipatso, zilibe njere.

Ufawo ukagwera pachinyontho sumera fern nthawi yomweyo. Pamayamba kamera kena kobiriwira, kaphanthi, kosaposa chikhadabo chako, kamene anthu ambiri amakaponda osakadziwa. Pa kameneka m'pamene pamakhala mbali yachimuna ndi yachikazi, ndipo mbewu yachimuna imachita kusambira m'kadontho ka madzi kuti ikafike kwa inzake. Popanda madzi palibe ukwati. Pakatero m'pamene tsamba loyamba limatuluka, ndipo masamba atsopano amabwera atadzipinda ngati bongololo, n'kumafunyulula pang'onopang'ono. Waona tsopano chifukwa chake zimakonda m'mphepete mwa mitsinje, m'ming'alu ya miyala ndi pamthunzi? Yesa wekha: dula tsamba lokhwima, uligoneke pa pepala loyera, ulisiye usiku umodzi kapena uwiri pamalo opanda mphepo. Udzapeza chithunzi cha tsambalo chitajambulidwa ndi ufa.

Ndipo pa ma fern iwe uli kwawo kwenikweni, chifukwa ambiri si alendo ngati maluwa tatchula aja. M'makwawa a phiri la Mulanje ndi la Zomba muli ena aatali ngati mitengo, okhala ndi thunthu ndi masamba otambalala ngati ambulera. Zimandipweteka mtima ndikaona anthu akuwazula kuti akagulitse m'tauni. Amakula mochedwa kwambiri, ndipo akachoka mu nkhungu ya kuphiri n'kukaikidwa pabwalo lotentha, ambiri amangouma. Wofuna kuwaona akwere phiri. Wofuna wa pakhonde agawe tsinde la wa mu mphika wa mnzake, amagwira msanga.

Yomaliza ndi ya bambo wina wa ku Mchinji, amene akufuna kubzala lantana ngati mpanda chifukwa timaluwa take n'tokongola ndipo sitivuta kusamala. Bambo, ndikupempheni, musatero. Lantana kwawo ndi ku Central America ndi South America, ndipo m'maiko athu ano anabwera ngati duwa la pabwalo, koma anathawira kutchire. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse, amatseka msipu, ndipo masamba ake amawononga chiwindi cha ng'ombe zikadya. Ngati mukufuna mpanda wa maluwa, dulani nthambi za hibiscus, m'bale wake wa therere ndi chidede, muzizike mvula ikayamba.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Mzuzu amene mwafunsa za mpungabwi, kalata yanu ndaiika pamwamba, tidzayamba ndi inu sabata yamawa.