Chitsulo sichinyanyala, munthu amanyanyala

Ana anga, inu amene mwangovula gauni ya digiri ya uinjiniya kapena ya sayansi, khalani pansi pang'ono mundimvere. Ine ndine injiniya wa zomangamanga. Imvi zandimerera pa saiti, m'fumbi la simenti ndi m'phokoso la makina. Zimene ndikuuzenizi sindinazitole panjira. Ndinazigula. Ndinazigula ndi ndalama, ndi tulo, ndi ulemu wa anthu amene sanandilakwire kanthu.

Nkhani yanga ndi imodzi. Luso la masamu ndi zitsulo lidzakukwezani pampando, koma silidzakukhazikani pampandopo. Pampando pamafunika luso lina: kutsogolera anthu, kuyendetsa ndalama, kumvetsa malamulo. Luso limeneli sabadwa nalo. Amachita kuliphunzira. Liphunzireni nthawi ikadalipo. Ine ndinachedwa.

Ndinali ndi zaka 31 pamene anandipatsa ntchito yoyamba yoti ndiyang'anire ndekha: msewu wa dothi, makalavati, timilatho tiwiri, ndi antchito oposa 60. Dzulo lake ndinali wojambula mapulani. Kutacha ndinali bwana. M'mutu mwanga simunasinthe kanthu, unasintha ndi mpando wokha. Ndinkati munthu amene anakhoza masamu ovuta sangalephere kulamula anthu ogwira mafosholo. Ndinagwera pomwepo.

Pa saitipo panali kapitawo wina wachikulire, msinkhu wa bambo anga. Sukulu analekezera ku pulayimale, koma milatho anayamba kumanga ine ndikuyamwa. Tsiku lina m'mawa, anthu onse ali pamzere, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana, dothi la apa ndi makande. Mvula ikagwa limatupa, dzuwa likaswa limang'aluka. Maziko awa tikumbe mozamirapo." Ine ndinayang'ana pulani yanga n'kuwayankha mokweza kuti, "Madala, injiniya pano ndi ndani, ine kapena inu?" Anavula chipewa. Anati, "Pepani bwana." Sananenenso kanthu.

Mwezi utatha analandira malipiro awo n'kupita. Sabata yotsatira amisiri anayi, odziwa ntchito kuposa onse, anawatsatira. Otsalawo anatolapo phunziro limodzi: bwana uyu sauzidwa. Akaona cholakwika ankangoyang'ana kumbali. Mvula itagwa, makande anachita zimene madala aja ananena. Khoma la kamlatho linang'aluka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Tinagwetsa. Tinamanganso ndi ndalama za kampani. Za makande ndinaziphunzira ndithu kukoleji, mayeso ake ndinakhoza. Chimene ndinalibe ndi makutu omvera zoona zikamatuluka pakamwa pa munthu wochepa udindo. Safunsa anadya phula.

Mverani bwino. Chitsulo sichinyanyala. Simenti sisunga chakukhosi. Konkire ukaisakaniza bwino imalimba, kaya waitukwana kaya waiyamikira. Munthu ayi. Munthu ukamuchititsa manyazi pagulu, manja ake amabwerabe kuntchito, koma mtima amausiya kunyumba. Tsiku limene udzafune maso ake udzapeza atatsinzina. Madala aja anamwalira ndisanakawapepese. Bala limenelo ndidzapita nalo kumanda.

Kugwa kwachiwiri kunali kwa pepala. Eni ntchito anachedwa kutipatsa malo ena oti tigwirepo, anthu ndi makina n'kukhala chabe masabata angapo. Mlandu sunali wathu. Tinkayenera kuwonjezeredwa nthawi ndi ndalama, ndipo ndinati kalata ndilemba ndikapeza mpata. Kontilakiti yathu inali ya FIDIC, imene amamangira nayo misewu ndi milatho m'maiko ambiri. M'menemo muli ndime yoti kontilakitala adziwitse za dandaulo lake pasanathe masiku 28 chidziwireni vutolo. Akapyola, dandaulo lafa. Ine kontilakitiyo ndinali nditaiponya m'kabati osaiwerenga. Ndinkati zimenezo n'za maloya. Kalata yanga inafika mochedwa. Sitinalandire ngakhale tambala. M'malo mwake ndife amene tinalipira chindapusa cha kuchedwa, tsiku ndi tsiku.

Kenako kunagwa njala ya ndalama. Pa pepala ntchito inkaoneka ya phindu. Ku banki kunali mbee. Sindinkadziwa kuti phindu ndi ndalama zimene zili m'manja ndi zinthu ziwiri zosiyana. Simenti umalipira lero. Dizilo umalipira lero. Malipiro a anthu amafunika pakutha pa mwezi. Koma eni ntchito amakupatsa zako pakapita miyezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwezi wina anthu sanalandire. Ndinaima pamaso pa azibambo amene ana awo anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndilibe chowauza. Mmodzi anandiyankha mwaukali, ine n'kumuchotsa ntchito pompo, osamva mbali yake. Lamulo la ntchito la 2000 limanena poyera kuti wantchito apatsidwe mpata woyankhapo asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Nkhani inakathera kukhoti la milandu ya apantchito. Tinagonja, ndipo kunali koyenera kuti tigonje.

Taonani, ana anga. Pa kugwa konseku, palibe pamene masamu anandichepera. Chinandichepera ndi chimene ndinkachinyoza. M'chaka cha 1969 katswiri wina wa zamaphunziro wobadwira ku Canada, Laurence Peter, anafotokoza matenda amenewa. Anati m'mabungwe munthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino ntchito imene ali nayo, amakwezedwabe, mpaka atafika pa udindo umene sautha, n'kukhala pomwepo. Kampani imataya injiniya wabwino n'kupata bwana woipa. Ine ndinakhala munthu ameneyo zaka zoposa 10.

Ndinabwerera m'kalasi ndili ndi zaka 43, kukachita masitazi ya kayendetsedwe ka ntchito. Masana pa saiti, usiku m'mabuku, Loweruka m'kalasi. Fizi yanga ndi ya ana anga zinkalimbirana thumba limodzi. Phunziro lililonse linkatokosa chipsera. Aphunzitsi atajambula pa bolodi ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi, ndinaona nkhope za azibambo aja. Titafika pa malamulo a makontilakiti, ndinaona kalata yanga yochedwa. Ndiye tinamva za mafakitale a Toyota ku Japan. Kumeneko wantchito wamba akaona cholakwika amakoka chingwe choitanira thandizo, ndipo vutolo likapanda kukonzeka msanga, mzere wonse wopangira galimoto umaima. Samudzudzula. Amathamangira kukamumva. Tsiku limenelo ndinaona madala aja akuvula chipewa, ndipo misozi inalengeza. Ndinamva nkhwangwa ili m'mutu. Inu musadikire nkhwangwa.

Maphunziro amenewa alipo, ndipo ena anawakonzera inu nomwe. Ku America, sukulu ya ukachenjede ya Missouri ku Rolla inatsegula dipatimenti yophunzitsa mainjiniya kuyendetsa ntchito mu 1967. Ku yunivesite ya MIT, ku America komweko, sukulu ya uinjiniya ndi ya zamalonda zinagwirizana mu 1996 kuyambitsa maphunziro otchedwa System Design and Management. Pafupi pano, University of Pretoria ili ndi masitazi ya kayendetsedwe ka ntchito za uinjiniya ndi ya kayendetsedwe ka mapulojekiti. Sukulu ya ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, imaphunzitsa MBA, masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi, kwa anthu amene ali kale pantchito. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic isanaime payokha mu 2021. Makomo alipo. Koma polowapo, gwirani mawu anayi awa.

Loyamba: musathamange. Kuthamanga sikufika. Musachoke pa digiri yoyamba n'kulumphira pa masitazi ya utsogoleri musanatsogolerepo ngakhale anthu atatu. Gwirani ntchito zaka zitatu, zinayi, zisanu. Detsani manja. Lakwitsani zing'onozing'ono pansi pa munthu amene angakukonzeni. Ngakhale thandizo la maphunziro la Chevening la boma la Britain limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Pali nzeru pamenepo. Mbewu ya maphunzirowa imamera m'munda wolimidwa kale. Komanso musachite ngati ine. Musadikire mpaka mutavulaza anthu.

Lachiwiri: sankhani ndi maso, osati ndi makutu. Ngati mtima wanu uli pa saiti, mu fakitale kapena mu labotale, funani maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito za uinjiniya kapena ka mapulojekiti. Ngati mukufuna kudzayendetsa kampani yonse kapena kuyambitsa yanu, MBA ikuthandizani. Werengani mndandanda wa zimene amaphunzitsa. Muli za ndalama? Muli za malamulo ndi makontilakiti? Muli za anthu? Muli za kuona ngozi isanagwe? Funsani ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka musanalipire kanthu. Pa intaneti pali ogulitsa mapepala okongola opanda kanthu mkati. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lachitatu: musapite kukatenga zilembo zoika kumapeto kwa dzina. Pitani kukasintha. Musalembetse munthu wina kafukufuku wanu. Wochita zimenezo amadzibera yekha. Tengani vuto lenileni la kuntchito kwanu, mapampu amene amafa kawirikawiri, katundu amene amachedwa, amisiri amene amathawa, mulifufuze mpaka kumizu. M'kalasimo mudzapeza maakauntanti, maloya, anamwino, aphunzitsi. Musadzikundike pakona ndi mainjiniya anzanu. Khalani nawo anthu amenewo. Ine zambiri ndinaziphunzira kwa mayi wina woyang'anira anamwino, amene anandionetsa mmene amadzudzulira munthu kuseri n'kumuyamikira poyera. Mutu umodzi susenza denga.

Lachinayi: werengerani mtengo wake. Kambiranani ndi akunyumba musanalembetse, chifukwa zaka ziwiri za Loweruka lopanda bambo kapena mayi pakhomo amalipira ndi banja lonse. Musatenge ngongole ya katapila chifukwa cha sukulu. Ngati akulipirirani ndi abwana anu, werengani pangano lonse, mudziwe zaka zimene mudzawagwirire mukamaliza. Werengani musanasaine. Ndabwereza dala.

Inu a sayansi, musati izi n'za anthu a misewu. Tsiku lina adzakupatsani labotale, bajeti, achinyamata oti muwaphunzitse, ndi opereka thandizo ofuna malipoti pa nthawi yake. Kafukufuku wabwino amafa chifukwa cha malisiti osokonekera ndi gulu logawanika. Ndipo inu ana anga aakazi, musadikire kuti wina akuuzeni kuti mwakwana. Pitani mukaphunzire, mubwere mudzatsogolere.

Tsopano chenjezo lalikulu kuposa onse. Maphunzirowa adzakuphunzitsani kuwerengera mtengo wa tsiku lililonse lochedwa. Chidziwitso chimenecho chingathe kukusocheretsani. Usiku wa pa 27 Januwale 1986, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol ku America anachenjeza kuti chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chisanyamuke kukuzizira. Roger Boisjoly ndi anzake ankadziwa kuti mphira zotseka polumikizana zigawo za roketi zimauma kukazizira, ndipo analangiza kuti chombo chisanyamuke ngati mphirazo zazizira kupyola madigiri 12. Panali kukakamizana. Mkulu wina wa kampaniyo, Jerald Mason, anauza mkulu wa mainjiniya, Robert Lund, kuti avule chipewa cha uinjiniya avale cha umanejala. Lund anasintha maganizo. Kutacha, pa 28 Januwale, chombo chinanyamuka kunja kukuzizira pafupifupi madigiri 2. Patangotha masekondi 73 chinasweka m'mlengalenga. Anthu onse 7 anafa, kuphatikizapo mphunzitsi Christa McAuliffe.

Musati za kutali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine nditamaliza kale masitazi, zotsatira za kuyeza konkire pa masiku 28 zinabwera zotsika pa mlingo wofunika. Ndinawerengera mtengo wogwetsa. Ndinawerengera chindapusa. Manambala onse ndinkawadziwa bwino tsopano. Ndinasaina kuti zili bwino. Miyezi itatu sindinaone tulo. Mvula ikamagwa usiku ndinkadzuka n'kumaganiza za ana asukulu amene azidutsa pa konkireyo. Pamapeto pake ndinakaulula. Tinagwetsa n'kumanganso pa mtengo woposa umene ndinkauthawa, ndipo udindo umene ndinkayembekezera unapita kwa wina. Sindidandaula za udindowo. Ndimadandaula za dzina langa limene linakhala miyezi itatu pansi pa bodza.

Choncho chipewa cha umanejala muchivale, koma cha uinjiniya musachivule. Musachivule pamaso pa bwana. Musachivule pamaso pa wandale. Musachivule pamaso pa envulopu. Phindu lenileni la maphunzirowa n'lakuti mukamati ayi, mudziwe kumufotokozera wa ndalama m'chinenero chake, ndi manambala ake, mpaka amve. Boisjoly ankanena zoona, koma wogamula anali wina. Dziko lathu likufuna anthu odziwa chitsulo amene akhalanso pa tebulo logamulira.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti madala awa akutaya nthawi. Inenso ndinkatero. Mawu a akulu akoma akagonera. Koma inu simuyenera kudikira kuti agonere. Mudakali ndi zaka. Mudakali ndi mpata wosankha bwino. Mawa mukafika kuntchito, funani munthu wachikulire amene amadziwa zimene inu simudziwa, mumupatse moni ndi manja awiri, mumufunse, mumumvere mpaka amalize. Tulutsani kontilakiti m'kabati muiwerenge yonse. Yambani kusunga ya fizi. Nthawi ikakwana pitani mukaphunzire, ana anga, ndipo mukadzakhala pampando, anthu anu asadzaope kukuuzani zoona.