Mbali ya Maiko Akunja pa Riferendamu ya 1993 m'Malawi

Pofotokoza m'mene ulamuliro wa chipani chimodzi unathera m'Malawi, ambiri amathamangira kutamanda maiko opereka thandizo. Komatu maiko omwewa anakhala akuthandiza boma la Dr Kamuzu Banda kwa zaka zambiri chifukwa iye ankadana ndi chikomyunizimu. Anadzayamba kuumiriza zaufulu wa anthu Soviet Union itagwa mu 1991.

Nkhani inayambira konkuno. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepisikopi achikatolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi, pamsonkhano wa ku Paris, maiko aja anaimitsa thandizo lachitukuko, koma sanaletse la chakudya popeza kunali chilala. Pofika Okutobala, Kamuzu analola riferendamu.

M'kuona kwanga, thandizo lofunika kwambiri linali pankhani yooneka yaing'ono, ya bokosi loponyera voti. Boma linkafuna mabokosi awiri, lina la tambala wakuda, lina la nyali. Munthu wakumudzi, podziwa kuti a Payoniya ali ndi maso paliponse, akanalimba mtima bwanji kupita kubokosi la nyali? Otsutsa boma anakana, bungwe la United Nations linalowererapo, ndipo anagwirizana za bokosi limodzi. Tsiku lovota linasunthidwanso kuchoka mu Malichi kufika pa 14 Juni 1993, pamene anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri.