Kamba Wokana Kudya

M'mudzi wina pafupi ndi Ulongwe, m'boma la Balaka, mudali mnyamata wa Sitandade 5 amene ankakonda nyama kwambiri. Tsiku lina Loŵeruka, m'mwezi wa Julaye, mnyamatayo adapita kumunda ndi atate ake kukaunjika mapesi. Atanyamula mulu wina wa mapesi, adaona chinthu chonga mwala chili phee pansi pake. Poyang'anitsitsa adapeza kuti ndi kamba.

Mnyamata uja adamtola mokondwa. Koma asanayende mtunda, kambayo adamthira madzi ambiri pamalaya. Atate ake adaseka nati, "Paja akuluakulu adati kamba amanyera amene wamtola."

Atafika kunyumba adamuika m'katoni, pasimenti ya m'chipinda chake. Adampatsa mbamu ya nsima, koma kamba sadatulutse ndi mutu womwe. M'maŵa mwake adampatsa matemba amchere, tsiku linalo chigumu. Zonsezo zidadyedwa ndi nyerere. Anzake a kusukulu ankabwera madzulo aliwonse kudzamuona. Ena ankagogoda chigoba ndi kamtengo kuti atulutse mutu, ena ankamgadamiza. Wina adati, "Tiyeni tiboole chigobachi ndi msomali, timmange chingwe kuti azikadya yekha panja." Mwamwaŵi msomali sudapezeke tsiku limenelo.

Pa tsiku lachisanu kudabwera amalume ake panjinga kuchokera ku Liwonde, m'boma la Machinga. Iwoŵa adaagwirapo ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya Liwonde. Atalonjerana ndi a pabanjapo, mnyamatayo adagwada pafupi nawo nati, "Malume, kamba wanga akukana kudya. Kodi afa?"

"Kamtenge tidzamuone, mphwanga," adatero amalumewo.

Adamnyamula ndi manja aŵiri, namuyang'ana m'maso, m'mphuno ndi pachigoba ponse. "Maso ake ngoŵala, mphuno zake nzouma, ndipo chigoba sichidasweke. Ameneyu sakudwala. Taona kumbuyo kuno. Ukuuona mzere uwu? Akachita mantha, mbali yakumbuyoyi imatsekeka ngati chitseko, nkubisa miyendo ndi mchira. Uyu ndi kamba wa kumtunda. Si nkhasi ayi."

Kuno kwathu kuli mitundu ingapo ya nyama zachigobazi, ndipo iliyonse ili ndi kadyedwe kake. Nkhasi imakhala m'madzi, monga mumtsinje wa Shire ndi m'nyanja ya Malombe. Imadya tinsomba, ambululu ndi tizilombo, ndipo imadyera m'madzi momwemo. Kuli kamba wamkulu wamaanga achikasu ndi akuda onga a kambuku, amene amadya udzu ndi masamba. Tsono kuli kamba wachitsekoyu, amene amakonda boŵa, nkhono, abongololo, masamba anthete ndi zipatso zogwa zokha. Mtundu wina wa akamba achitseko udalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1931 kuchokera ku Zomba, ndipo dzina lake la sayansi, Kinixys zombensis, lili ndi dzina la Zomba m'kati mwake. Akamba onseŵa alibe mano. Amadula chakudya ndi mlomo wolimba wonga wa mbalame. Nsima ndi mchere si chakudya chawo.

"Nanga ndikampatsa nkhono adya, Malume?"

"Mwina osati lero. Takhudza simentiyi. Ukumva bwanji?"

"Ikuzizira."

"Ndiye chifukwa choyamba chimenecho. Iwe, mbuzi ndi nkhuku muli ndi matupi odzitenthetsa okha. Kamba sali choncho. Thupi lake limafunda akaothera dzuŵa, ndipo limazizira akakhala pozizira. Mimba yozizira singagaye chakudya, motero iye sayamba nkudya komwe. Chachiŵiri ndi nyengo. Mvula ikatha, boŵa ndi nkhono zimasoŵa. Pamenepo kamba wotereyu amafuna pobisala, m'dzenje, m'chulu kapena pansi pa zinyalala, nkukhala pomwepo miyezi ingapo osadya kwenikweni, kudikira dzinja. Iweyo udamtenga ali pa mpumulo wake."

Mnyamata uja adaŵerama. Kenaka adafotokoza za madzi amene kamba adamthira kumunda, ndiponso za anzake aja ndi msomali wawo. Apa nkhope ya amalume idasintha.

"Madzi amenewo adali nkhokwe yake ya chilimwe. Kamba amasunga madzi m'thupi, koma akaopsedwa amaŵataya. Kuno ku Balaka, kumene mitsinje yambiri imaphwa mvula isanabwere, kamba wotaya madzi ake angathe kufa ndi ludzu. Za msomalizo usadzalole. Chigoba si malaya oti angavule. Ndi mafupa ake enieni: msana ndi nthiti zake zidalumikizana ndi chigobacho. M'menemo mumayenda magazi, ndipo amamva kuŵaŵa monga momwe iwe ungamvere wina atakuboola fupa."

Madzulo omwewo aŵiriwo adamanga kakhola ka njerwa kuseri kwa nkhokwe, pamalo pamene dzuŵa la m'maŵa limafika. Mbali imodzi adaunjikako masamba ouma kuti kamba azibisalamo, pakuti dzuŵa likachuluka limamupha ngati alibe pamthunzi pothaŵira. Adakwirira phale pansi, mkamwa mwake mofanana ndi nthaka, nathiramo madzi pang'ono osafika pomiza mutu wa kamba. Pambali pake adaikapo masamba a bonongwe, kachidutswa ka papaya wakupsa ndi nkhono imodzi imene adaipeza pansi pa mtsuko.

"Tsopano ntchito yovuta ndi iyi," adatero amalume. "Umleke. Usamnyamule, usamgogode, ndipo anzako aziona ali patali. Ukamgwira uzisamba m'manja ndi sopo usanadye, chifukwa akamba amakhala ndi tizirombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Ukadzaona maso atatupa kapena thovu likutuluka m'mphuno, kauze alangizi a ziŵeto msanga."

Kwa mnyamata wokonda nyama, kuleka kugwira chiŵeto chake nkovuta kuposa kutunga madzi kapena kuŵaza nkhuni. Komabe iye adapirira. Tsiku loyamba kamba sadatuluke m'masamba muja. Tsiku lachiŵiri, dzuŵa litakwera, mnyamatayo adasuzumira pangodya ya nkhokwe. Adaona kamba ali paphale, khosi lili tambalale, mlomo uli m'madzi. Adamwa nthaŵi yaitali ndithu. Atatha adaluma papaya kaŵiri, nabwerera m'masamba. Masiku otsatira sadadyenso kanthu, koma ankangozungulira m'mbali mwa njerwa kufunafuna potulukira.

Loŵeruka linalo amalume adabweranso. Atamva zonse adati, "Wachita bwino, mphwanga. Wamwa, ndipo mphamvu zabwerera. Koma ukuona wekha kuti sakufuna kukhala muno. Kamba amadziŵa dera lake: pamene pali mthunzi, pamene pamamera boŵa, pamene pamatsalira madzi. M'nkhalango ya Liwonde, imene boma lidaikhazikitsa m'chaka cha 1973, lamulo sililola munthu kutengamo nyama iliyonse, kaya ndi njovu kaya ndi kamba. Uyu udamtola m'munda, motero sindikulamula. Uganize wekha."

Mnyamatayo sadayankhe msanga. Misozi idalengeza m'maso mwake. Pambuyo pake adati, "Ndikambweza, Malume. Koma atate akuti atentha mapesi aja. Kamba sangathaŵe moto."

Mawu ameneŵa adali oona. Moto wa m'minda ndi wa m'tchire umapha akamba ambiri chaka ndi chaka, pakuti gwape ndi kalulu amathaŵa, koma kamba amangoloŵa m'chigoba. Amalume adapita naye kwa atate ake, ndipo mnyamatayo adapempha mwaulemu. Atatewo adayamba aseka, koma kenaka adavomera kuti mapesi adzaŵakwirira m'mizere kuti asanduke manyowa, monga amalangizira alangizi a zaulimi.

M'maŵa mwake adamnyamula m'dengu kupita naye kumunda. Kumalire a mundawo kudali chulu chokhala ndi zitsamba zoŵirira. Adamuika pansi pamenepo, nabwerera m'mbuyo. Patapita kanthaŵi kamba adatulutsa mutu, nayenda pang'onopang'ono mpaka adaloŵa m'ziyangoyango.

Mvula idagwa kumayambiriro a Disembala. Tsiku lina m'mamaŵa, akupita kukapalira chimanga, mnyamata uja adaona kamba wachitseko patsinde pa chulu chija akudya boŵa, kukamwa kuli mbuu. Adatula khasu, nakhala pansi chapatali, namuyang'ana mpaka adamaliza boŵa wonse.

Mafunso

1. Kodi mnyamata uja adampeza kuti kamba, ndipo udali mwezi wanji?
2. Tchulani zakudya zitatu zimene adampatsa poyamba. Chifukwa chiyani zidali zosayenera?
3. Kodi nkhasi imasiyana bwanji ndi kamba wachitseko pa malo okhala ndi pa chakudya?
4. Fotokozani zifukwa ziŵiri zimene amalume adapereka zoti kamba ankakanira kudya.
5. Chifukwa chiyani nkoipa kuboola chigoba cha kamba?
6. Mukadakhala inu, mukadambweza kamba kumunda kapena mukadamsunga? Perekani chifukwa.

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: chigoba, phale, kuothera, kulengeza, ziyangoyango.
(b) M'nkhaniyi muli mawu akuti "phee" ndi "mbuu". Pezani mawu ena aŵiri otere, ndipo muŵagwiritse ntchito m'ziganizo.
(c) Kafunseni makolo anu tanthauzo la mwambi wakuti "Kamba amanyera amene wamtola." Mudzafotokozere anzanu m'kalasi.