Samani ya ngongole ikakupezani kwa Nthache

Samani ikafika, ilandireni, musaine, mulembenso tsiku. Kusaina sikuvomera ngongole ayi. Mukaibisa pansi pa mphasa, khoti ligamula inu kulibe, ndipo mudzangoona masherifu ali pakhomo.

Pepalalo limanena tsiku loti muyankhe kapena mukaonekere kukhoti la majisitireti ku boma ku Mwanza. Ngati Chingerezi chikuvuta, aphunzitsi akuwerengereni tsiku lomwelo. Yankho lanu mulembe pa mapepala awiri, akalaliki adinde onse, limodzi mubwerere nalo kumudzi. Mafayilo amasowa, ndipo akasowa, wooneka wabodza ndi uja alibe pepala lodinda. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti ikhale ndi lisiti la boma. Wina akafuna "ya fanta" kuti fayilo ipezeke, zimenezo ndi ziphuphu. Kanenani ku Anti-Corruption Bureau. Akati "mubwere mawa", funsani tsiku lenileni, alilembe papepala lanu, chifukwa wakabaza sakunyamulani ulere.

Pamene ambiri amagonja asanayankhule n'komwe ndi pa chiwongoladzanja. Munabwereka K50,000 kwa wakatapila, mwabweza kale K80,000, koma samani ikunena K150,000. Musangoti, "Inde bwana, ngongole ndili nayo." Mukatero mwavomera ndalama yonseyo. Nenani ndalama imene munalandira m'manja, imene mwabweza, ndi imene mukukana. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano ngati chiwongoladzanja chapyola muyeso, ngakhale munadinda chala. Okongozawo sangakuuzeni zimenezi. Tengani kope la banki mkhonde, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ndi mboni imene inaona mukupereka ndalama. Mauthengawo musafufute. Ngati padutsa zaka 6 chiyambireni nthawi yobweza, tchulani zimenezo, poti Limitation Act imatseka milandu yotero, pokhapokha ngati munalipirako kapena kuvomera ngongoleyo molemba m'katikati mwa zakazo.

Ngongole si mlandu wa polisi. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Komabe mpaka lero amayi amagulitsa mbuzi usiku poopa chitokosi chimene sanayenera kulowamo!

Pa tsiku la mlandu lawirirani, ndipo yankhulani Chichewa, womasulira alipo. Ngati ngongole ndi yoona, pemphani kulipira pang'onopang'ono, mutchule ndalama imene mungakwanitsedi, kaya mudikira kugulitsa manachesi kapena nandolo. Ngati anagamula inu osalandira samani, pemphani khoti lomwelo lichotse chigamulocho msanga. Apilo imapita ku High Court ku Blantyre, ndipo wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Katundu amalanda ndi masherifu okha, atanyamula chikalata cha khoti. Chioneni ndi maso anu, ndipo alembe chilichonse chimene atenga. Anyamata otumidwa ndi wokongoza akazula malata kapena kukoka njinga, kanenani kupolisi.